Mpando wa Kholo

Holo inali itadzaza kale pamene Madamu a masamu anauona mpandowo. Unali chakumbuyo, pafupi ndi zenera long'aluka, wopukutidwa mpaka kuwala. Pampandopo panalibe munthu.

Pasukuluyi, pa tsiku la makolo, mwana aliyense amanyamula mipando iwiri kuchokera m'kalasi, wake ndi wa kholo lake. Mwambowu anauyambitsa ndi ahedi, ndipo unali ndi mano. Mwana amene kholo lake silinakhale pampando sakwera kutsogolo kukalandira mphotho, ngakhale akhoze chotani. Ahedi ankati makolo aulesi amamva msanga mwana akafika kunyumba akulira.

Pambali pa mpandowo panakhala mnyamata wa Fomu 2. Anzake ankamutcha Mlonda, chifukwa belu la m'mawa linkamupeza atafika kalekale, ndipo madzulo ankachoka onse atapita. Teremu imeneyi ndiye anaposa onse pa masamu. Mphotho yake, kabokosi ka zida za masamu, Madamu anakakulunga okha m'pepala lofiira, ndipo kanali patebulo kutsogolo kakumudikira.

Madamu anayang'ananso mpando wopanda munthuwo. Wolakwa anali iwo, ndipo sanafunike wowauza. Anabwera pasukuluyi teremu yomweyi, ndipo ntchito yoyamba imene anapatsidwa inali kutolera manambala a makolo a kalasi yawo n'kuwaika pagulu la pafoni, kumene uthenga uliwonse wa sukulu umadzera. Ana onse anapereka kupatula Mlonda.

"Akudziwa kale, madamu," ndi mmene anayankhira tsikulo, maso ali pansi.

Mabodza a ana Madamu ankawadziwa bwino, nawonso ndi mayi. Anati adzamufunsanso mawa. Koma mawa linabwera ndi mulu wa makope oti achonge, kenako mayeso, kenako chifuwa cha mwana wawo wamng'ono. Uthenga wa tsiku la makolo anautumiza pagulu, makolo n'kuyankha ndi tizithunzi ta manja oomba, iwo n'kudziyamikira kuti ntchito akuidziwa. Kholo limodzi lokha linatsala mumdima, la mwana amene anakhetsa thukuta kuposa onse.

Kutsogolo ahedi anali atatentha. Anali bambo woikonda sukulu mpaka kuiwala kudya. Tsiku lonse ankazungulira, kuyang'ana mipopi, zimbudzi ndi malaya osapisira, foni ili m'thumba la jekete. Foniyo inkalira ngati tambala, moti aphunzitsi akamva tambala masana ankabisa makapu a tiyi n'kutola choko.

"Makolo ena amangodziwa kubereka basi!" anatero ahedi pa chimkuzamawu, akuloza uku ndi uku osayang'anitsitsa. "Mphunzitsi wa mwana wawo atakumana naye pamsewu angamufunse njira. Taonani mipando ina ili mbee! Mwanayo akadzakula adzakukumbukirani ndi chiyani?"

Makolo anaomba m'manja. Mayi wina wa chipewa chachikulu anatembenuka, n'kumuyang'ana Mlonda akupukusa mutu. Mnyamatayo anangoika dzanja pampando uja, ngati akuopa kuti wina autenga.

Madamu sanathenso kupirira. Anadutsa m'mbali mwa khoma ataweramira pansi, akupepesa mapazi amene ankaponda, mpaka ananjuta pafupi naye.

"Mwana wanga, ndakulakwira," ananong'ona. "Kwanu sanamve za lero chifukwa cha ine. Nambala ija ndinayenera kukuumiriza."

"Si inu, madamu."

"Ndi ine, usandibise. Mayi ako ali kuti?"

"Anatisiya ndili kupulayimale."

Teremu yathunthu Madamu akumuchongera makope, ngakhale zimenezi sankazidziwa.

"Nanga bambo?"

"Ali kuntchito."

"Kutali?"

Mlonda anapukusa mutu.

"Ndiye aimbire pompano. Mphotho tipereka kumapeto, akathamanga apeza tisanayambe. Kupepesa ndipepesa ndekha, ngakhale mogwada."

"Sayankha akakhala pantchito," anatero mnyamatayo. "Chaka chathanso mpando ndinaubweza m'kalasi wosakhalidwa. Ndimangoubweretsa, mwina tsiku lina."

Mawuwo anawabaya Madamu. Anawaona m'maganizo bambowo: munthu wotopa, mwina wowotcherera zitsulo, mwina woyendetsa galimoto, wolera yekha mwana, amene akanabwera ndithu chikhala kuti mphunzitsi wina wosasamala anamudziwitsa. Ndipo lero akutukwanidwa pa chimkuzamawu pa mlandu woti si wake. Manyazi anawagwira mpaka kumakutu.

Anatulutsa foni yawo n'kumufumbatitsa.

"Yesa basi. Ukapanda kutero sindidzadzikhululukira."

Mlonda anayang'ana kutsogolo, kenako anayang'ana kabokosi kofiira kaja. Analemba manambala pang'onopang'ono, ngati akulemba mayeso amene akudziwa kale kuti walephera, n'kubweza foni.

"Ndipo ndikubwereza," ahedi anali kukuwa, "wopanda kholo pampando, mphotho aiiwale!"

Madamu anadina batani loimbira. Manambala aja anazimiririka, m'malo mwake panatuluka dzina limene analisunga okha tsiku loyamba ntchito: AHEDI.

Kutsogolo, tambala analira m'thumba la jekete, chimkuzamawu n'kumufalitsa holo yonse. Ahedi anamuzimitsa osayang'ana n'komwe, napitiriza kudzudzula makolo osabwera.