Theka la Malikisi

"Nambala thuu, wabwera kudzachitanso manyazi?" anatero Dokotala Bahram atamuona Injiniya Siamak pageti la sukulu ya ana anzeru kwambiri ku Isfahan.

Panali patatha zaka makumi atatu awiriwa atamaliza maphunziro pasukulupo, koma ankatchulanabe ndi manambala awo a m'kalasi.

"Unkandiposa ndi theka la malikisi, nalonso lochita kubera," Siamak anayankha. "Lero mwana wanga akuchotsa chimbenene."

Ana awo aamuna anali atalemba mayeso olowera pasukulu yomweyo, ndipo zotsatira zinali zitamatidwa pakhoma. Abambowo anakankhana ndi zigongono, aliyense akuyendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Maina onse awiri panalibe.

Anathamangira kwa mphunzitsi wamkulu akukalipa kuti pachitika zachinyengo. Iye sanatsutsane nawo, anangotulutsa mapepala awiri a mayeso a anyamatawo. Lililonse linali ndi dzina lokha, kwinako kuli mbee. Anyamatawo anaitanidwa.

"Tinachita kupangana, bambo," anatero Pouya, mwana wa Bahram. "Imvi zayamba kale, koma mukulimbiranabe theka la malikisi. Ife sukulu yotereyi ayi."

Bahram anayang'ana pansi, kenako anafunsa motsitsa mawu. "Nzeru imeneyi anaiyambitsa ndani?"

"Navid," Pouya anayankha, akuloza mnzake, mwana wa Siamak.

Siamak anawongola kolala ya malaya ake, nkhope ikuwala.

"Wamva, nambala wani? Wakoyo anangotsatira."