Ntchito ya ku Milange

"Chingelezi chanu n'chabwino," anatero mkulu wa sukulu ya ku Milange, ku Mozambique. "Koma ana athu amamva Chilomwe. Mumachiyankhula?"

Pilato anali atakonzekera mafunso a ntchito ya uphunzitsiyi kwa miyezi itatu, ndipo kwawo ku Muloza konse zinali zitamveka kuti akukaphunzitsa kunja. Anavomera ndi mutu, chonsecho ngakhale moni wa Chilomwe sankaudziwa.

"Muyambe Lolemba."

Anawoloka malire wapansi nakapeza mayi ake akuchokera kothyola tiyi.

"Amayi, mundiphunzitse Chilomwe. Ndatsala ndi masiku anayi."

Mayiwo anatula dengu. Uyutu ndi mwana yemwe ankawaletsa kuyankhula Chilomwe anzake akabwera pakhomo.

"Lembani kalata yofunsira malo, aphunzitsi," anatero. "Tidzakuyankhani."