Mandimu Pansi pa Matayala

Komuraiah anali munthu wolungama, ndipo amenewa si mawu amene ndimagawira aliyense. Anayendetsa basi zaka zonse za mphamvu zake osagunda ngakhale mbuzi. Chofooka chake chinali chimodzi: akamukonda munthu, ankaleka kumufunsa mafunso.

M'mawa umenewo anaima pabwalo la kachisi wa Hanuman, kumudzi kwawo kufupi ndi Jangaon, atavala malaya oyera ositidwa bwino, chikwama chili pambali pa phazi. Mwana wake mmodzi yekhayo, Praneeth, anali atabwera kuchokera ku Hyderabad ndi galimoto yoti wansembe aidalitse. Mwambo ukatha, anali woti atenge bambo ake kuti azikakhala nawo mumzinda masiku onse otsala. Nyumba ya kumudzi inali itakhomedwa kale, kiyi ali m'thumba la mkuluyo.

Galimotoyo inali yoyera, yonyezimira, mipando ikadali m'mapulasitiki. Nkhata zikuluzikulu za maluwa achikasu zinaphimba mphuno yake ndi kumbuyo komwe, zikulendewera mpaka kutsala pang'ono kukhudza fumbi.

"Maluwa onsewa bwanji?" wansembe anafunsa akuseka. "Kodi tikuidalitsa kapena tikuikwatitsa?"

"Ndi yanga yoyamba, Swami," anayankha Praneeth. "Ndaitulutsa m'sitolo mwezi wathawu. Palibe amene anakhalamo ndisanakhalemo ine."

"Mwamva?" anatero Komuraiah, atakweza mawu kuposa mmene pankafunikira. "Si zotolera kwa munthu izi. Amene ali ndi magalimoto osabwereka awadye okha!"

Mawuwo sankapita kwa wansembe. Ankapita kwa Malla Reddy, mwini minda wa m'mudzimo, amene ankamwa tiyi tsidya lina la msewu. Komuraiah sankamupatsanso moni munthu ameneyu, ndipo chifukwa chake mudzi wonse unkachidziwa.

Chaka chapitacho Sugunamma, mkazi wa Komuraiah, anadwala impso. Sabata iliyonse ankayenera kupita ku Hyderabad kuti makina akamusefe magazi. Komuraiah, amene sanapemphepo kanthu kwa munthu, anavula nsapato pakhomo pa Malla Reddy n'kupempha galimoto. Anauzidwa kuti dalaivala ndi wotanganidwa. Praneeth yekha ndiye analira pafoni. "Nanna, ndikanakhala ndi galimoto," anatero kwa bambo ake, "amayi sakanaponda m'basi ngakhale tsiku limodzi." Mawu amenewa Komuraiah anawasunga mumtima ngati chuma, ndipo ankawabwereza kwa aliyense wofuna kumva.

Motero okalamba awiriwo ankayenda pabasi, m'dzuwa ndi m'fumbi, nthawi zina ali chiimire. Sugunamma sanapite kusukulu. Zilembo zachingerezi anaziphunzira pa manambala a magalimoto, mwamuna wake akumuwerengera ali achinyamata. Matenda asanamugwire n'komwe, boma linali litasinthanso zilembo zoyambirira za nambala. Magalimoto akale anatsala ndi zawo, koma iliyonse yotuluka kumene inkapatsidwa zatsopano. Paulendo, kuti aiwale ululu, mayiyo ankazisaka pawindo.

"Munandikwatira pa AP," ankatero, "ndakalamba pa TS, ndiye mukufuna ndife pa TG? Boma ili lilibe chochita, kusintha zilembo ngati mkwatibwi wosintha nsalu."

Anafadi m'basi, tsiku lina masana pobwerera kuchipatala, mutu atautsamiritsa paphewa la mwamuna wake. Kuyambira pamenepo Komuraiah anagawa dziko pawiri. Mbali ina kunali amene anali nazo n'kumana. Mbali inayo kunali mwana wake, amene analibe koma analira.

Wansembe anaswa kokonati, nawaza madzi ake pagalasi. Anapaka ufa wofiira pachiwongolero, kenako anaika ndimu kutsogolo kwa tayala lililonse, pakuti galimoto yatsopano iyenera kuyamba ulendo wake poponda mandimu, kuti tsoka ligwere mandimuwo m'malo mwa mwini wake. Praneeth analowa n'kuliza injini. Komuraiah anaima kutsogolo, akukodola ndi manja awiri monga ankachitira kudepoti ya mabasi.

"Pang'onopang'ono, iwe! Si ngolo ya ng'ombe iyi. Bwera, bwera."

Mandimu anaphulika. Koma tayala lakumanzere linapondanso nsonga ya nkhata yolendewera ija, chingwe chinaduka, ndipo maluwa onse akutsogolo anagwera pansi. Komuraiah anawerama kuti awatole. Anakhala chiweramire nthawi yaitali, mpaka wansembe anaganiza kuti msana wamugwira.

Praneeth anatuluka mofulumira, nanyamula chikwama chija, natsegula chitseko chakutsogolo. "Asiyeni maluwawo, Nanna. Lowani mukhale apa. Chipinda chanu n'chokonza kale, ndipo basi simudzakweranso moyo wanu wonse."

Komuraiah anaweramuka. Anayang'ana tsidya la msewu, kumene Malla Reddy ankamalizira tiyi wake, kenako anayang'ana mwana wake. Analanda chikwamacho, natulutsa kiyi wa nyumba m'thumba.

"Nambala ya galimoto yotuluka m'sitolo mwezi watha ikanakhala TG," anatero. "Iyi ndi TS. Tsiku limene amayi ako ankafera m'basi, galimoto iyi inali kale pakhomo pako. Tseka chitsekocho, kwathu ndiyenda wapansi."