Pikapu Yotsamwa pa Chitunda

Pikapu inalowa pagalaja ikupumira m'mwamba, itasenza matumba makumi awiri a simenti. A Maloko, eni sitolo ya zipangizo zomangira, anatsika ndi nkhope ya munthu amene wagwira kale mbala, akungosowa mboni. Mbalayo inali pachiwongolero: mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene ankawayendetsera galimotoyo. Mayiwo anabwera nawo, atakhala pakati pa amuna awiriwo.

Dzina loti Maloko silinagwe kumwamba. Bamboyu ankakhoma chilichonse chokhala ndi chitseko, ndipo chopanda chitseko ankayamba wachipangira chitseko. Ngakhale shuga kunyumba kwawo ankagona m'kabati yokhoma.

Kwa miyezi iwiri pikapuyo inali itawazunza. Ikakhala yopanda katundu inkathamanga ngati yogula dzulo. Koma ikasenza, n'kuyenda kamtunda ndithu, ifike pachitunda, inkayamba kutsamwa: kudukiza, kunjenjemera, kenako zii. Mlamu akaisiya kanthawi, inkadzuka yokha ngati palibe chachitika. Amakaniko atatu anali atadyapo kale. Woyamba anasintha mapulagi. Wachiwiri anatsuka kabureta. Wachitatu anasintha pampu ya mafuta, n'kulangiza kuti zikapitirira aipititse kumapemphero. Onse atatu ankaiyesa ili yopanda kanthu, kuzungulira nayo msewu umodzi, n'kulengeza kuti yachira.

A Maloko sankasowa makaniko kuti adziwe zoona zake. Mlamu ankapopa petulo n'kugulitsa, m'malo mwake n'kuthiramo parafini. Zoti kiyi wa thanki ankasunga okha sizinawasokoneze: ndiye kuti mlamuyo anadulitsa wina, basi. Umboni unalipo wokwanira. Munthuyo anali atagula nsapato zatsopano, ndipo masiku amenewo ankaseka mopitirira malipiro ake.

M'mawa wa tsikulo anali atauza akazi awo mosapita m'mbali. Makaniko akangotchula parafini, ntchito ya mlamu yathera pomwepo, akaone kwina kodyetsera ana ake anayi. Mayi anapempha, analira, koma a Maloko anangomanga lamba. N'chifukwa chake mayiwo anakwera nawo, mtima uli m'mwamba.

Makaniko wachinayi anali mkulu wa imvi amene anthu ankamutchula kuti a Khutu, poti injini ankayamba waimvetsera asanaigwire. Ndi iwo amene analamula kuti galimoto ibwere itasenza, apo ayi isabwere n'komwe. Boneti sanatsegule. Anangofunsa mlamu kuti imatsamwa itayenda mtunda wotani, ndiponso imadzuka pakapita nthawi yaitali bwanji.

"Musataye nthawi ndi ameneyo, madala," anatero a Maloko. "Ingonunkhizani petuloyo."

A Khutu anachita ngati sanamve. Anakhala pambali pa mlamu, n'kumuuza kuti akwere chitunda cha kuseri kwa galajayo, atsike, akwerenso. A Maloko anaima pageti, manja kumbuyo, akuwerenga. Ulendo woyamba inakwera. Wachiwiri inakwera. Wachitatu inakwerabe, ndipo iwo anayamba kuda nkhawa kuti nayonso galimoto yawo ikuikira kumbuyo wakuba. Ulendo wachisanu, pakati penipeni pa chitunda, injini inatsokomola kawiri, inanjenjemera, n'kuzima. Mtima wa a Maloko unagwa pansi ndi chimwemwe. Sanakondwepo chotero ndi kuwonongeka kwa katundu wawo.

Pikapu inabwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka pakhomo la galaja. Mlamu anatsika thukuta lili kamukamu, maso pansi. Mayi anagwira kukamwa. A Maloko anaona zonsezi n'kugwedeza mutu: munthu wosalakwa satuluka thukuta lotere.

"Kiyi wa thanki, bwana," anatero a Khutu.

Anaupereka mwamsanga, n'kuyandikira kuti fungo la parafini alimve okha. A Khutu atapotokola chotsekera, thanki inakoka mpweya, fyuuu, kwa nthawi yaitali, ngati munthu amene anamizidwa m'madzi. Mkuluyo sananunkhize kanthu. Anauza mlamu kuti alize injini. Inalira kamodzi n'kamodzi, ndipo inakwera chitunda chija ndi simenti yonse osatsokomola.

Itabwerera, mkuluyo anayala katoni pansi n'kulowa kunsi kwa galimoto. A Maloko anakonza kukhosi, mawu ochotsera munthu ntchito ali okonzeka pamlomo. Ankati ayambe ndi zoti chibale ndi bizinesi siziyendera limodzi.

A Khutu anatuluka atanyamula kapaipi kakang'ono kakuda. Kumapeto kwake kunali bawuti yolowetsedwa mwamphamvu, yomatidwa ndi guluu wambiri.

"Petulo wanu alibe vuto, bwana," anatero. "Thanki imapumira apa. Mafuta akamatuluka, mpweya uzilowa. Mukatseka apa, pampu imangoyamwa pachabe, makamaka galimoto ikasenza, poti pamenepo ndiye imamwa kwambiri. Zaka makumi anayi ndili pantchitoyi, uchitsiru wotere sindinauonepo. Amene anachita izi, ameneyo ndiye mumuchotse ntchito lero lomwe."

Mlamu anayang'ana kapaipiko modabwa. A Maloko anakayang'ananso. Bawuti imeneyo anailowetsa okha Lamulungu lina masana, atagona chagada kunsi kwa pikapu, akudzitama kuti atseka njira yomwe wakuba angadzabere petulo. Ndipo amene anawagwirira chubu cha guluu tsikulo anali ataima pambali pawo, misozi itauma kale.

"Muwauza nokha, bambo," anatero mayi, "kapena ndiwauze ine?"