Mchenga Wonyowa

Tsiku logawa katundu wa malemu Chrispine, mlongo wake Hannah anatulutsa mtsuko womwe unkakhala kuseri kwa chitseko.

"Uwu ndiye nditenga ine, alamu. Ndizisungiramo thobwa."

Hannah ankauza Enelesi, mkazi wa malemuyo. Mumtsukomo ndi momwe Chrispine ankasunga insulini, mankhwala ake a matenda a shuga. Kabotolo kake ankakakulunga m'kajumbo n'kukakwirira mumchenga, ndipo m'mawa uliwonse Enelesi ankathiramo madzi kuti mankhwalawo asaonongeke ndi kutentha kwa malata.

Hannah anapisamo dzanja kuti akhuthule mchengawo, koma analibweza msangamsanga. Mchenga unali wonyowa, wozizira, kabotolo kali momwemo. Chonsecho munthuyo anaikidwa m'manda kachewere asanakumbidwe, ndipo tsopano dzuwa la Okutobala linali litaumitsa ndi zitsime zomwe.

"Kodi mukuthirabe madzi, alamu?"

Enelesi anamulanda mtsukowo mosamala, naubwezera pamalo pake kuseri kwa chitseko.

"Amabwera m'mamawa kudzadzibaya," anatero motsitsa mawu. "Akapeza mankhwala atentha, amangoima pakhomopo n'kumandiyang'ana."