Chipika cha m'Nkhalango ya Amani

Kutangoda, ine ndi mlamu wanga Shemdoe tinalowa m'nkhalango ya Amani kukajambula tizilombo. Iye ndiye mwini kamera, ine ndimangomugwirira fulashi. M'buku la tizilombo limene ankalemba munatsala chithunzi chimodzi chokha, cha chikumbu chobiriwira chimene tinachisaka miyezi itatu.

Tinachipeza pa chipika chowola, pakati pa mphutsi zonenepa zili piringupiringu. Fungo lake linali la nyama yoiwalika m'thumba.

"Alamu, tiyeni tizipita, ndisanza ine," ndinatero.

"Inu a Mwanaidi, otumbula nsomba tsiku ndi tsiku, lero mukunyansidwa ndi mphutsi? Sendezani fulashiyo kuno."

Ndinagwada n'kutsamira chipikacho ndi dzanja. Chinali chofunda. Chinalinso chonyowa, ngati msana wa munthu wodwala malungo.

Fulashi inati ng'ani!

Shemdoe anakulitsa chithunzicho pa kamera. Ndinasuzumira. Chikumbu chinaoneka bwinobwino, mwendo uliwonse. Koma pansi pake panalibe khungwa la mtengo. Panali khungu, lomera tiubweya totuwa. Chimene tinkachiyesa kamphako linali khutu, ndipo mphutsi ziwiri zinkakankhana potulukira.

Ndinati ndichotse dzanja, koma linali litamata. Chipikacho chinakwera pang'ono, kenako n'kutsika.

Pansi pa masamba, pafupi ndi bondo langa, panamveka mawu a nkhalamba, aulemu ndithu.

"Mwamaliza, ana anga? Ngati mwamaliza, mundikandeko pamenepo. Zikundiyabwa."