Zithunzi Zonse pa Masamba Awiri

"Ukuchepetsa chimodzichimodzi? Ukalambira pampandopo, mnzanga," anatero Renske akuika kapu ya khofi pambali pa kompyuta.

Hilke anatsegula chithunzi china. Linali tsiku lachitatu akulimbana ndi zithunzi 80 za m'kabuku kokumbukira zaka 25 za kalabu yawo yopalasa njinga m'tauni ya Sneek. Renske, mlembi wa kalabuyo, ankadziwa chilichonse, ndipo Tjeerd, mwamuna wa Hilke, sankatopa kunena zimenezo pa chakudya chilichonse.

"Tasendera uko," anatero Renske. Anasankha zithunzi zonse, n'kulemba muyeso umodzi, n'kudina batani. Zonse zinachepa nthawi imodzi n'kundandalikana pa masamba awiri okha.

"Waona? Tjeerd ndinangomusonyeza kamodzi, anagwira pompo."

"Unamusonyeza liti?"

"Aa, kalekale."

Hilke anasendeza nkhope pafupi. Pamene ankaziona chimodzichimodzi, zinali zithunzi chabe za anthu a zipewa ndi matope m'miyendo. Tsopano zitakhala pamodzi zinkanena zina. Pamlatho, Tjeerd anaima pambali pa Renske. Pamvula, jekete la Tjeerd linali pamapewa a Renske. Pomwa msuzi wa nsawawa atamaliza ulendo, awiriwo anali pabenchi imodzi, chaka ndi chaka, mpaka imvi zinawamerera limodzi.

Renske anayendetsa chala pagalasi, akuwerenga nkhope.

"Koma iwe mulibemo ngakhale m'chimodzi. Unkakhala kuti?"

Hilke anakankhira khofi uja kutali.

"Ndinkajambula ndine."